Alembi a Mawa Tidzawapeza M'mabuku a Nthano Zosonkhanitsa

Mwana wa kwa Kuntaja amakula akuona ndege zikutera ndi kunyamuka pa Chileka, pamene mnzake wa ku Lirangwe amakulira m'mphepete mwa njanji. Ana otere sangalephere kudzifunsa kuti kodi mudzi wawo udzakhala wotani m'tsogolo muno. Funso limeneli ndilo gwero la nthano zopeka za sayansi, ndipo ena mwa anawa ali nalo luso loliyankha ndi cholembera. Vuto ndi lakuti palibe amene akuwadziwa.

Wosindikiza mabuku sataya ndalama zake pa buku lathunthu la munthu amene dzina lake silinamvekepo. Nayenso wowerenga sagula buku lotero. Koma nthano za anthu ambiri zikasonkhanitsidwa m'buku limodzi, mlembi watsopano amalowa pamodzi ndi odziwika kale, ndipo wowerenga amene anagula bukulo chifukwa cha dzina limodzi amatuluka akudziwa maina asanu. Buku lotere lili ngati nazale, kumene mbande zimayamba zaonetsa mphamvu zake zisanawokeredwe kumunda.

Umboni tili nawo m'dziko mwathu momwe muno. M'chaka cha 2015 a Shadreck Chikoti, mlembi wa buku la Azotus the Kingdom, anasindikiza ku Lilongwe buku lotchedwa Imagine Africa 500, limene mkonzi wake anali a Billy Kahora a ku Kenya. Alembi ake anapemphedwa kuganizira mmene Africa idzakhalire patapita zaka 500. M'bukumo owerenga a maiko ena anakumana ndi Amalawi monga a Muthi Nhlema, a Tiseke Chilima ndi a Tuntufye Simwimba. Pofika 2017 a Nhlema anali atalowa m'gulu la opikisana pa mphoto ya Nommo, imene imalemekeza nthano za mtundu umenewu mu Africa muno.

Komatu buku limeneli lili m'Chingerezi. Mlimi wa kwa Kuntaja amene akuona mvula ikusinthasintha, ndiponso anamva za chionongeko cha namondwe wa Freddy mu Blantyre m'chaka cha 2023, ali nawo maganizo ake pa za tsogolo la nthaka ndi madzi. Tsogolo limene likukambidwa m'chilankhulo chimene iye sawerenga lidzakonzedwa popanda iye.

Choncho tikupempha a bungwe la alembi la Malawi Writers Union pamodzi ndi osindikiza mabuku kuti aitanitse nthano zazifupi za sayansi m'Chichewa, ndipo uthengawo ufike kusukulu za kumidzi, osati m'mizinda mokha. A National Library Service aonetsetse kuti mabuku otere afika kwa ana. Aphunzitsi nawo asamanyoze mwana wolemba za ulendo wa kumwezi ponena kuti ndi maloto achabe.

Akuluakulu anati m'mera m'poyamba. Tikapanda kufesa lero, tisadzadandaule mawa kuti dziko lathu lilibe alembi.