Satifiketi siisandutsa peni ya agogo kukhala chuma

Pali uthenga womwe ukuzungulira m'mafoni a anthu athu kuno ku Chitungwiza, kuchokera ku St Mary's mpaka ku Zengeza ndi ku Seke. Ukunena kuti ndalama iliyonse yakale, kaya ndi peni yobowoka pakati, tiki, ngakhale chidindo chachitsulo chomwe ankadindira makobidi, ikangopimidwa ndi akatswiri n'kupatsidwa satifiketi imagulidwa madola zikwizikwi. Kumapeto kwake uthengawo umapempha kuti mulipire kaye ndalama yopimitsira kwa munthu amene akuti akuthandizani. Ife tikutsutsa zimenezi, ndipo zikutipweteka chifukwa amene akukopeka kwambiri ndi makolo athu okalamba, omwe ndalama zawo za penshoni zinasungunuka mu 2008.

Akatswiri opima ndalama alipodi. Ku America kuli makampani a PCGS, yomwe inayamba mu 1986, ndi NGC, ya mu 1987, komanso PMG yomwe imapima ndalama zapepala. Iwo amayeza kulemera kwa khobidi, kuliyang'ana pa galasi lokuza, kenaka n'kulipatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 70 malinga ndi mmene lasungikira. Akatero amalitsekera m'kabokosi ka pulasitiki kokhala ndi nambala yomwe aliyense angathe kuifufuza pa intaneti. Ntchito yawo imathera pomwepo. Amachotsa chikayiko cha wogula, koma sangapangitse chinthu chopezeka paliponse kukhala chosowa.

Tsegulani kachitini ka agogo komwe kamakhala pansi pa sutikesi. Mupezamo peni ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ya njovu ziwiri zoimirira, yomwe inayamba kutuluka mu 1955. Yadetsedwa ndi manja, minyanga ya njovu zija yafufutika, ndipo m'mphepete mwa bowo mwasalala chifukwa ankaimangirira pa chingwe. Katswiri adzavomera kuti ndi yeniyeni, chifukwa ndi yeniyenidi, koma adzaipatsa malikisi otsika. Mapeni amenewa anapangidwa mamiliyoni, ndipo ali m'zitini ku Mbare, ku Ndirande ndi ku Chipata. Ndalama yopimitsira ndi yotumizira kunja idzaposa kutali mtengo wa peniyo.

Abale athu a ku Joni anaziona kale izi ndi khobidi la R5 la mu 2008, lokumbukira zaka 90 za Nelson Mandela. Anadinda makobidi 22 miliyoni. Ochepa omwe sanagwidweko ndi dzanja anapeza malikisi apamwamba n'kugulidwa bwino, ndipo mbiri yawo ndiyo inasokoneza anthu. Banki yaikulu ya dzikolo inachita kulengeza kuti khobidi lomwe lili m'thumba mwanu ndi R5 basi.

Sitikunena kuti kupimitsa kulibe phindu. Ndalama yathu yapepala ya madola 100 thiriliyoni, ya miyala yosanjikizana ya ku Epworth, inatuluka mu Januwale 2009. Mu 2015 banki yaikulu inkaisintha ndi masenti 40 a ku America, pamene osonkhanitsa ndalama zakale kunja amaigula madola ambirimbiri ikakhala yatsopano, yosapindidwa. Chifukwa cha mtengowo zabodza zachuluka, zina zonyezimira ngati golide zomwe banki sinatulutsepo. Wogula wa ku London amene sangaigwire m'manja amalipira moonjezera akaona kuti yapimidwa ndi kampani yodziwika. Pamenepo satifiketi yagwira ntchito, chifukwa ofuna chinthucho analipo kale ndipo chowaletsa chinali mantha okha.

Nkhani ya zidindo ndiyo ikutidetsa nkhawa koposa. Chidindo ndi chitsulo cholimba chachifupi, chozokotedwa chithunzi cha khobidi chotembenuka, chomwe makina amamenyetsa pa kachitsulo kosalala kuti khobidi lituluke. Fakitale yodinda ndalama simalola chida chotere kutuluka pachipata wamba. Chikatha ntchito amachiwononga. Kumene zidindo zinagulitsidwako poyera, monga ku America pa zidindo za makobidi okumbukira masewera a Olympic a ku Atlanta a mu 1996, fakitale ya boma inayamba yazidula mtanda pankhope kuti zisadindenso, n'kuzigulitsa ndi kalata yake yomwe. Pachitsulopo pamakhala nambala, ndipo nambala yomweyo imapezeka pakalatapo. Chimene wosonkhanitsa amalipira ndi mbiri yodziwika ya komwe chitsulocho chachokera. Katswiri wapadera angathe kutsimikiza kuti kalata ndi chitsulo zikugwirizana, koma sangachipatse mbiri chitsulo chomwe chilibe mbiri.

Tsono makobidi a chitaganya sankadindidwa ku Salisbury. Ankachokera ku Royal Mint ku London, monganso makobidi oyamba a Malawi a mu 1964. Munthu akakuonetsani chitsulo pa Chikwanha kapena pa Makoni n'kunena kuti ndi chidindo cha peni ya njovu chomwe chinakumbidwa m'munda, mufunseni kuti chinawoloka bwanji nyanja. Ndipo ngati chili chidindo chosadulidwa cha ndalama yomwe ikugwira ntchito lero, dziwani kuti malamulo a mayiko ambiri amachitenga ngati chida chopangira ndalama zachinyengo. Chotere chingakulowetseni m'chitokosi.

Pepala lomwe amabwera nalo anthu amenewa limaoneka bwino, la chidindo chofiira ndi siginecha yopotana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Satifiketi yolembedwa ndi wogulitsa yemweyo, kapena mnzake wodya naye, si umboni ayi. Ngakhale timabokosi ta makampani otchuka aja ena amatipanga tabodza, n'chifukwa chake nambala iyenera kufufuzidwa, ndipo chithunzi chomwe chatuluka chifanane ndi khobidi lomwe lili m'manja mwanu.

Ena atiuza kuti khobidi la golide la Mosi-oa-Tunya, lomwe Reserve Bank of Zimbabwe inatulutsa mu Julaye 2022, limabweranso ndi nambala ndi satifiketi. Zoona. Koma mtengo wake umatsatira mtengo wa golide pamsika wa dziko lonse, ndipo pepalalo limangosonyeza kuti khobidilo ndi lanu ndipo lachokera ku banki.

Inu ana ndi adzukulu amene mumadziwa kugwiritsa ntchito foni, khalani pansi ndi agogo, muone chaka cha khobidi lililonse, mufufuze mtengo umene lofanana nalo linagulidwadi, osati umene wina akuitanira. Ngati mtengowo sukufika pa ndalama yopimitsira, bwezerani khobidilo m'chitini, ndipo musapereke ngakhale dola imodzi kwa munthu wolonjeza satifiketi.