Woyang'anira Gulu la pa Lamya Ndi Wapampando: Asunge Mwambo

Aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wa nthambi ya Chipani adziwa kuti munthu salankhula wapampando asanampatse mpata. Wina akayamba kutukwana mnzake, wapampando amamkhazika pansi, ndipo akakana kumvera amamtulutsa. Mwambo umenewu sitinautenge kunja ayi. Ndi womwewo umene makolo athu anali kusunga pa bwalo la mfumu, pamene wodandaula ndi woimbidwa mlandu onse anali kumvedwa, koma wachipongwe anali kulipitsidwa.

Masiku ano misonkhano yambiri yalowa m'lamya za m'manja. Nthambi, madera, maofesi a Boma ndi masukulu ali ndi magulu awo pa WhatsApp, ndipo gulu limodzi lingathe kukhala ndi anthu okwana 1,024. Umenewu ndi msonkhano waukulu umene sutsekedwa usana ndi usiku. Chomvetsa chisoni nchakuti woyang'anira gulu, amene achinyamata amamutcha admini, kawirikawiri amaganiza kuti ntchito yake ndi kulowetsa anthu basi. Kumeneko nkulakwa. Iye ndi wapampando, ndipo udindo wosunga mwambo uli pa mapewa ake.

Taonani zimene zimachitika wapampandoyo akagona. Mayi akanena kuti afuna kupikisana nawo pa mpando, ena sayankha mfundo zake, koma amayamba kunena za thupi lake, za banja lake ndi za kumene anagona. Chithunzi chake chimayenda m'magulu ndi mawu onyoza. Wina amatukwanidwa chifukwa cha mtundu wake kapena chigawo chimene achokera. Wozunzidwayo sapanga phokoso. Amangotuluka m'gulu mwakachetechete, ndipo mawa sitimuonanso ku msonkhano. Kalembera wa 2018 anapeza kuti dziko lino linali ndi anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo akazi anali ambiri kuposa amuna. Chipani chimene chilekerera kuti amayi azithamangitsidwa ndi chipongwe chikudula chokha nthambi imene chakhalapo.

Alipo ena amene amati akamatukwana otsutsa ndiye kuti akuteteza Chipani. Anthu otere tiwauze mosabisa kuti Chipani sichinawatume. Munthu wa kumudzi akawerenga zotukwanazo sasunga dzina la wolembayo, koma dzina la Chipani chimene wolembayo amavala nsalu yake. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Mawu olembedwa pa lamya safufutika msanga monga phazi pa mchenga. Wina amawajambula nkuwasunga, ndipo adzawatulutsa pa nthawi ya chisankho.

Malamulo a dziko nawonso sanakhale chete. Gawo 19 la Malamulo Aakulu a 1994 liteteza ulemu wa munthu aliyense. M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene linaika chindapusa cha K2,000,000 ndi zaka 5 m'ndende kwa wozunza mnzake kudzera pa intaneti. Lamulo la 2013 loona za kusasiyanitsa pakati pa amuna ndi akazi linaletsanso kuvutitsa munthu pomufuna chiwerewere. Inu ogwira ntchito m'Boma mumvetse bwino pamenepa: bwana amene atumiza mauthenga a chisembwere usiku kwa mayi amene ali pansi pake walakwa chimodzimodzi ngati wachitira mu ofesi masana.

Komabe tisasokoneze kutukwana ndi kudzudzula. Gawo 35 la Malamulo Aakulu omwewo lipatsa munthu ufulu wonena maganizo ake. M'chaka cha 2022 Nyumba ya Malamulo inachotsa mlandu wonyoza Mtsogoleri wa dziko, ndipo mu 2025 Bwalo Lalikulu linagamula kuti gawo la malamulo limene linali kumangitsa munthu chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake likutsutsana ndi Malamulo Aakulu. Chotero munthu amene afunsa chifukwa chake mjigo sunakonzedwe, kapena kumene ndalama za chitukuko cha dera zinapita, sanatukwane aliyense. Woyang'anira gulu amene achotsa munthu wotere, nasiya wotukwana chifukwa ndi mnzake, waononga zinthu ziwiri pa nthawi imodzi: watseka makutu a atsogoleri, ndiponso waphunzitsa gulu kuti chipongwe chili ndi mwini wake. Muyeso ndi wosavuta. Kodi mawuwo akunena za ntchito, kapena akuvula munthu?

Nanga woyang'anira gulu achite chiyani? Poyamba, gulu likhale ndi malamulo ochepa olembedwa, ndipo aliyense wolowa awaone tsiku lomwelo. Kachiwiri, oyang'anira asakhale mmodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Akhale awiri kapena atatu, ndipo pakati pawo pakhale mayi amene amayi anzake angamuuze zakukhosi. Kachitatu, uthenga wotukwana ukaoneka, ayambe aujambula kuti umboni usungike, kenaka auchotse. Kuyambira mu 2022 WhatsApp inapatsa oyang'anira magulu mphamvu yofufuta uthenga wa munthu wina kuti onse asauonenso, kotero palibe chifukwa chousiya kuti ugone m'gulu. Kachinayi, wolakwayo alangizidwe pambali. Akabwereza achenjezedwe pagulu. Akaumirira achotsedwe, ndipo gulu liuzidwe chifukwa chake. Mkangano ukakula kwambiri, woyang'anira angathe kutseka kwa kanthawi kuti olemba akhale oyang'anira okha, mpaka mitima itazizira. Koma pakakhala kuopseza moyo kapena kufalitsa zithunzi zamaliseche, imeneyo si nkhani ya gulu ayi. Wolakwiridwayo aperekezedwe ku polisi pamodzi ndi umboni wake.

Enafe amene sitili oyang'anira tili ndi mbali yathu. Wotukwana amalimba mtima akaona anthu akuseka kapena akutumiza mawu ake kwina. Amene atumiza chipongwe cha wina wasenza nawo mlanduwo, ngakhale sanalembe ndi dzanja lake.

Chifukwa chake tikupempha apampando ndi alembi onse a nthambi, a madera ndi a maboma, pamodzi ndi akuluakulu a maofesi, kuti pa msonkhano wawo ukudzawu nkhani imeneyi ikhale pa mndandanda. Afunse kuti magulu amene ali ndi dzina la Chipani kapena la ofesi ndi angati, akuwayang'anira ndani, ndipo ndi amayi angati amene anatulukamo osatsazika. Amayi amenewo ayenderedwe, amvedwe, ndipo abwezedwe m'gulu mwaulemu.