Yankho la Mkonzi: Achikulire Asasamuke Sikimu ya Chipatala Pongoona Mtengo

Pali mawu amene akhala akuyenda m'boma lathu lino la Kasungu, kuchoka pa lamya ya uyu kunka pa lamya ya uyo, kufikira atalowa m'misonkhano ya opuma pantchito, m'makhonde a matchalitchi, ngakhalenso pa mzere wa kubanki pamene aphunzitsi akale amadikira penshoni yawo. Ndipo ngakhale aliyense amawanena mwanjira yake, thunthu lake ndi limodzi. Akuti wachikulire amene akulipirabe ndalama zambiri mwezi ndi mwezi ku sikimu ya chipatala imene analowa kalekale akungomwaza chuma chake, pakuti masikimu onse ndi amodzimodzi, ndipo wochenjera ndi iye amene chaka ndi chaka amafunafuna yotsika mtengo nasamukirako. Ena mwa owerenga athu atipempha kuti tivomereze uphunguwu poyera. Ife takana, ndipo tifotokoza chifukwa chake mosathamanga, popeza nkhaniyi ikukhudza makolo athu pa msinkhu umene munthu akaphonya kamodzi sapezanso mpata wobwereza.

Tisanatsutse, tivomereze kuti odandaulawo sakulira chabe. M'mwezi wa Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imene inali pa K1,180 inadzuka ili pa K1,700. Ndipo popeza mankhwala ochuluka amene timamwa m'dziko muno amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, zipatala zinakweza mitengo, masikimu nawonso anakweza zopereka, pamene penshoni ya mphunzitsi amene anasiya choko zaka khumi zapitazo sinathamange liwiro lomwelo. Munthu wotere akamva kuti kwina kuli kotsika, sitingamunene kuti ndi waumbombo. Akuwerengera thumba la ufa, magetsi, ndi fizi ya mdzukulu wamasiye amene ali pakhomo pake.

Komatu uphungu uliwonse uli ndi kwawo, ndipo uwu kwawo ndi kutsidya kwa nyanja. Ku America boma limathandiza anthu a zaka 65 kunka mtsogolo kudzera mu ndondomeko ya Medicare, imene inakhazikitsidwa mu 1965. Koma poti ndondomekoyo siilipira zonse, achikulire ambiri amagula inshulansi yowonjezera yotchedwa Medigap. Tsono kuyambira mu 1992 lamulo la kumeneko linaika inshulansi yowonjezerayi m'magulu odziwika ndi zilembo, kotero kuti gulu la G likagulidwa ku kampani iyi kapena ku kampani iyo, thandizo lake ndi lofanana, chosiyana ndi mtengo wokha. M'dziko lotero, wolangiza kuti munthu afunefune potsika sakunama. Ngakhale kumeneko, khomo limakhala lotsegukiratu kwa miyezi isanu ndi umodzi yoyamba yokha munthu akangolowa mu Medicare. Ikatha, m'zigawo zambiri kampani ili ndi ufulu wofunsa za matenda a munthu ndi kumukana, kupatula m'zigawo zina monga California ndi Oregon, kumene lamulo limalola munthu kusintha chaka chilichonse pa nyengo ya tsiku lake lobadwa popanda kufunsidwa za thupi lake. Ku South Africa, kumene ana athu ambiri akugwira ntchito, lamulo la 1998 limaletsa sikimu yotsegukira anthu onse kukana munthu chifukwa cha ukalamba kapena matenda, koma limailola kumudikiritsa miyezi itatu, kapena miyezi khumi ndi iwiri pa nthenda imene wabwera nayo, ndiponso kulipiritsa chilango kwa wolowa mochedwa atapitirira zaka 35, chimene chimatha kufika 75 peresenti pamwamba pa chopereka. Amene anatola uphunguwu nautula pa Kasungu anatola chipatso nasiya mtengo wake, ndiwo malamulo amene amaupangitsa kukhala woona.

Kwathu kuno zinthu zili motere. Chipatala cha boma sichilipiritsa, ndipo wodwala wa kwa Kaomba kapena kwa Wimbe angathe kupita pa chipatala chachikulu cha pa boma wopanda ndi tambala yomwe. Mwa ichi sikimu, kaya ndi MASM, MedHealth kapena ina, ili ngati chowonjezera, chothandiza munthu pamene mankhwala asowa m'chipatala cha boma, pamene mzere wa opareshoni watalika, kapena pamene afuna kuonedwa ku chipatala cha mishoni kapena cholipira. Koma sikimu iliyonse ili ndi malamulo akeake, ndi malire akeake a ndalama zimene ingalipire pa chaka, ndi mndandanda wakewake wa zipatala ndi mankhwala. Palibe chilembo chimene chimamanga onse pamodzi. Dzina la gulu likhoza kumveka lofanana, zam'kati zili zosiyana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene onena uphunguwu saona, kapena safuna kunena, ndi ichi: wachikulire amene wakhala m'sikimu imodzi kuyambira ali mnyamata sanali kugula mankhwala a mwezi umenewo okha ayi, koma anali kusunganso malo ake, ndipo malowo, amene pa unyamata ankaoneka ngati opanda ntchito, ndiwo chuma chake chenicheni lero pamene magazi akuthamanga, shuga wakwera, maso achita ng'ala, ndi mawondo akulira pokwera chitunda. Iye ndi membala wakale, amene nthawi yake yodikira inatha kalekale, ndipo matenda ake anamupeza ali kale m'kati. Tsiku limene adzatuluka, adzakafika kwinako ali mlendo. Adzamupatsa fomu, ndipo pa fomupo, pambuyo pa dzina ndi tsiku lobadwa, pali timabokosi tofunsa ngati anadwalapo mtima, shuga, impso kapena khansa, ndi mankhwala amene akumwa tsiku ndi tsiku. Akanena zoona, monga kuyenera munthu woopa Mulungu, angauzidwe kuti zaka zake zapitirira malire a olowa kumene, kapena kuti alowe koma nthenda imene wabwera nayo idikire. Akabisa, kabuku kake ka kuchipatala, kamene kali ndi zolemba za madokotala za zaka zambiri, kadzamuneneza tsiku limene adzagonekedwa, ndipo sikimu idzakana kulipira pa ora lomwe iye sangathe ngakhale kudzuka kuti akadandaule. Esau anagulitsa ukulu wake ndi mphodza chifukwa njala ya tsiku limodzi inamuphimba m'maso. Ndipo atabwerera ndi misozi, anapeza mdalitso utapita.

Tiyerekeze ndi masamu, osati a munthu wina wake, koma ongopeka kuti nkhani imveke. Tinene kuti mayi wina wopuma pa unamwino wapeza sikimu yotsika ndi K20,000 pa mwezi. Pa chaka wapulumutsa K240,000, ndipo ndi ndalama ndithu. Koma ngati m'chaka chimenecho mankhwala ake a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi ayenera kugula yekha ku famase, ndi kulipira yekha poyezetsa magazi, pamene chopereka cha sikimu yatsopanoyo akuperekabe, phindu lija layamba kale kudyeka; ndipo akangogonekedwa kamodzi m'chipatala cholipira chifukwa cha nthenda yomweyo, ndalama zimene ankati wasunga zidzatha asanatuluke, n'kuyamba kuimbira ana lamya usiku. Pamenepa sitinawerengere shortfall, ndalama ija imene munthu amauzidwa pa zenera kuti awonjezere yekha chifukwa sikimu yalipirako gawo chabe. Kawirikawiri chopereka chikatsika, gawo la wodwala ndi limene limakwera, kotero kuti ndalama imene sinachoke pa mwezi imadzachoka pa tsiku la matenda, ndipo imachoka yonse nthawi imodzi.

Palinso funso limene munthu wa ku Lilongwe sangaliganizire, koma wa kuno ayenera kuliyambira. Khadi ndi khadi pokhapokha ngati chipatala cha pafupi chikulilandira. Boma la Kasungu ndi lalikulu, ndipo wachikulire wa ku Chamama kapena ku Mtunthama amayang'ana ku chipatala cha St Andrew's, wa kumpoto amayang'ana ku Nkhamenya, wa m'tauni ali ndi zipatala zolipira zowerengeka. Zikakula, ulendo ndi wa ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, kumene kuli chipatala cha Kamuzu Central ndi madokotala a ukadaulo. Sikimu yotsika mtengo imene zipatala zake zonse zili ku Lilongwe ndi ku Blantyre ndi yodula kwa munthu wa kwa Simlemba, pakuti thiransipoti ya wodwala ndi womudikirira siilembedwa pa pepala la mtengo. Choncho asanasaine kanthu, munthu apite yekha pa zenera la chipatala chimene amapitako masiku onse, afunse kalaliki ngati khadi la sikimu yakutiyakuti amalilandira, ndiponso ngati silinaimitsidwepo chifukwa cha ngongole. Kalaliki ameneyo amadziwa zimene wogulitsa sanganene. Safunsa anadya phula.

Alimi a fodya atimvetsa msanga, pakuti aliyense wa iwo amadziwa kuti mbande imawokeredwa ikadali yanthete, mvula itangogwa, ndipo palibe amene amazula fodya wofika podula nsonga kuti akamubzale m'munda wina chifukwa choti kumeneko lendi ndi yotsika. Mnyamata wa zaka makumi atatu, wopanda nthenda, asamuke monga afunira; bambo ake ndi nkhani ina. Ndipo poti tatchula alimi, tinenepo za vuto lawo lenileni, limene silili pa kusankha sikimu koma pa kuisunga. Ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pa chaka, mabelo akagulidwa pa msika wa Chinkhoma, ngongole ya feteleza itadulidwa kale. Koma sikimu imafuna zake mwezi uliwonse, ndipo miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe yapepuka, aganyu akufuna malipiro, ndi malungo ali pachimake, ndiyo miyezi imene chopereka chimadumphidwa. Umembala ukafa chifukwa chosalipira, munthu angadzapezeke akuyambanso ngati mlendo pa nyumba imene anakhalamo zaka zambiri. Mlimi wanzeru afunse ngati angalipiriretu miyezi yambiri nthawi ya msika, ndalama isanalowe m'malata ndi m'njinga zamoto.

Sitikunena kuti wachikulire akhale womangidwa, kulipira chilichonse chimene wauzidwa mpaka kugulitsa mbuzi yomaliza. Njira zochepetsera katundu zilipo, ndipo yoyamba ili m'nyumba momwemo. MASM, mwachitsanzo, ili ndi magulu monga Econoplan, Executive ndi VIP, ndipo masikimu ena nawo ali ndi masitepe awo. Munthu amene akulipirira chipinda chapadera kapena chithandizo cha kunja kwa dziko, chimene mwina sadzachifuna, angafunse zotsika sitepe imodzi osataya umembala wake, bola afunsitse ngati mankhwala a matenda ake amgonagona adzalipiridwabe, malire ake pa chaka ndi angati, ndi zimene zidzafunike akadzafuna kukweranso. Angachotse pa khadi ana amene anakula nayamba kudzidalira. Amene atsala pang'ono kupuma pantchito afunse asanatsanzike ngati angapitirize payekha umembala umene abwana ankawalipirirako, pakuti ambiri amazindikira mochedwa kuti khadi linatha pamodzi ndi ntchito. Ndipo ana amene ali m'tauni kapena ku Joni, m'malo motumiza ndalama pokhapokha matenda atakula, agawane chopereka cha kholo lawo mwezi ndi mwezi. Kholonso lisachite manyazi kunena kuti lalemedwa, poti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ngati pambuyo pa zonsezi munthu waona kuti kusamuka ndiko kumuyenera, ndipo nthawi zina kumayeneradi, asatseke khomo lakale asanagwire m'manja kalata ya sikimu yatsopano, yosainidwa, yonena kuti yamulandira pa zaka zake, ikudziwa matenda ake onse, ndipo yatchula tsiku limene idzayambe kuwalipira. Lonjezo la pakamwa la wogulitsa, amene kawirikawiri amapeza kangachepe pa munthu aliyense wolembetsa, silidzaimirira pa zenera la chipatala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Mawu otsiza tiwalunjike kwa eni masikimu ndi kwa aphungu athu, pakuti uphungu woipawu sukanamera pakanapanda nthaka youlandira. Sikimu imene imakweza chopereka ndi kalata ya mizere itatu, osafotokozera membala amene wakhalamo zaka makumi atatu chifukwa chake m'chilankhulo chimene iye amamva, ikudzithamangitsira yokha anthu ake. Anansi athu a ku Zambia, amene malire awo ali kumadzulo kwathu kuno, anakhazikitsa inshulansi ya zaumoyo ya dziko lonse mwa lamulo la 2018, ndipo okalamba opitirira zaka 65 salipira chopereka. Kwathu kuno Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza achikulire mu 2024, ndipo tinaombera m'manja; tsono tikupempha aphungu a madera onse a Kasungu kuti apitirire pamenepo, akafunse lamulo lakuti munthu amene walipira sikimu mokhulupirika zaka zambiri azitha kusamuka ndi zaka zakezo, osadikiritsidwanso ngati wolowa kumene. Kufikira tsiku limenelo, makolo athu, uthengawo ukafika pa lamya yanu musautumize kwa anzanu, ndipo khadi lanu lakale musalibweze musanaone kalata.