Mlandu si wa thermostat

Mwezi wa Okutobala ukafika, simungayende pa msewu wa M1 kuchokera pa Zalewa mpaka pa Lunzu osaona boneti yotsegula. Pa Lirangwe mupeza Hiace yakale itaima pambali, nthunzi ili tolotolo, kondakitala akuthamangira ku mjigo ndi chigubu. Ku Chileka ndi timapikapu tonyamula mchenga ndi njerwa. Galimoto yokalamba, katundu wodzaza, mtunda wokwera ku Blantyre, dzuwa lili paliwombo.

Ikafika kwa amakaniko ambiri, chigamulo n'chimodzi: thermostat ichotsedwe, ati zimenezo n'za ku Japan kozizira. Ine ndikukana.

Kachitsulo kameneka kali ndi phula m'kati. Injini ikakhala yozizira, kamatseka njira ya madzi yopita ku rediyeta kuti injiniyo itenthe msanga. Madzi akafika pa madigiri pafupifupi 82, phula limasungunuka n'kufufuma, njira n'kutseguka. Ndiye masana a ku Lirangwe, thermostat yabwinobwino imakhala itatsegula kalekale. Ingawiritse bwanji injini?

Komanso pa injini zambiri, ikamatsegula njira ya ku rediyeta imatsekanso kanjira kachidule kobwezera madzi mu injini. Mukaichotsa, kanjirako kamakhala pululu, madzi ena otentha n'kumangozungulira momwemo osakazizira. M'mawa wa mu Juni injini imachedwa kutentha, imaperepeseka msanga, imamwanso mafuta ambiri. Mafuta ake omwe takhala tikugonera pa mzere awa!

Vuto lenileni kawirikawiri limakhala madzi amene timathirawo. A pa mjigo ali ndi mchere umene umakakamira m'timachubu ta rediyeta ngati zoyera za m'ketulo zija, dzimbiri n'kudzamalizitsa. Pena ndi lamba wa fani wakhwepa, pena pampu ya madzi yadyeka mapiko. Nacho chitsekero cha rediyeta timachipeputsa, ena mpaka kumangapo pepala la pulasitiki, chonsecho ndi chimene chimapanikiza madzi kuti asawire msanga.

N'zoona kuti thermostat imafa, n'kukanirira chotseka. Kuiyesa sikulira sukulu: iponyeni m'poto wa madzi owira. Ikatseguka, ibwezereni pamalo pake. Ikakana, gulani ina.

Eni galimoto, tsukitsani rediyeta, muthiremo coolant, musinthe chitsekero chotha mphira. Ndalama zake sizingafike n'komwe pa za gasiketi ndi kukapalitsa hedi m'tauni injini ikapsa.