Musanamizire mitambo ya ku Bowe

Sabata yachiwiri ya Januwale, mvumbi utagwa masiku anayi osalekeza, amayi anandiimbira pa foni ya aneba. "Mwanawe, sola yako ija yafa. Tikudyera nsima pa tochi." Sola imeneyo ndinaigula ndine mu Okutobala, ndi ndalama yomwe ndinasunga miyezi isanu ndi umodzi. Ndinapsa mtima. Koma yemwe ndinamupsera mtima si mtambo ayi.

Kwathu ku Bowe anthu ayamba kunena kuti "sola ndi ya kunyanja, kuno kumapiri siigwira". Ine ndikukana. Ku Germany dzuwa ndi lochepa kuposa la kwathu kuno, chikhalirecho madenga awo adzaza mapanelo. Zoona, mitambo ya mapiri a Dowa ndi Ntchisi si yamasewera. M'dzinja mvumbi, mu Juni ndi Julayi nkhungu yomwe imakhalitsa m'zigwa mpaka dzuwa litakwera. Koma zimenezi zimadziwika chaka ndi chaka. Chomwe sichikudziwika n'chakuti n'chifukwa chiyani ogulitsa amatigulitsa katundu ngati tonse timakhala ku Salima.

Bambo yemwe anandigulitsa ine, dzina lake tilisiye, sanandifunse funso ngakhale limodzi. Kwanu n'kuti? Mukufuna kuyatsa chiyani? Maola angati? Ayi ndithu. Analoza chomata kuseri kwa panelo, "100W, bwana, mpaka TV." Kenako anandinyamulira batire ya galimoto, n'kunena kuti kontilola n'kungotaya ndalama, waya ungochoka ku panelo kupita ku batire basi. Ine n'kuvomera, poti mtengo unatsika.

Tsono mverani zomwe ndinaphunzira mochedwa. Nambala ya 100W ija amaipeza poyeza panelo pa dzuwa lamphamvu la masana, kumwamba kuli mbee. Kukachita mitambo yakuda, panelo yomweyo ikhoza kupereka 20W kapena kucheperapo. Pamenepo TV ya 40W yoyaka maola anayi yadya kale 160Wh, mababu atatu a 5W kwa maola asanu adya 75Wh, osawerengera mafoni a banja lonse ndi a aneba omwe. Tsiku la mvumbi panelo singabweze zonsezo. Mawa lake ngongole ikukwera, mkuja chimodzimodzi.

Apa ndiye pamafera batire. Ya galimoto anaipangira kulizira injini kwa masekondi ochepa kenako n'kudzazidwanso, osati kukamidwa usiku uliwonse mpaka kuuma. Ngakhale batire yeniyeni ya sola, ya mtundu wa asidi uja, siyenera kutsika kupitirira theka. Mukaona 12V 100Ah, pa pepala ndi 1,200Wh, koma zanu zenizeni ndi 600Wh. Ikakhala masiku ili yopanda moto imawonongeka m'kati, ndipo dzuwa likabwerera siidzukanso. Kontilola yomwe ndinauzidwa kuti n'kutaya ndalama ija ntchito yake n'kuletsa zimenezi: imadula magetsi batire isanaume, imaletsanso kudzaza mopitirira mu Okutobala. Ndiye kuti batire yathu inayamba kuphikidwa m'chilimwe, dzinja linangomalizitsa.

Nafenso ogula tisadziyeretse. Nditafika kumudzi ndinapeza panelo itagonekedwa pamalata chagada, yothinikizidwa ndi njerwa, fumbi ndi zitosi za nkhunda zili mbuu. Mthunzi wa mtengo wa mango umaiphimba mbali imodzi kuyambira 2 koloko. Mthunzi wa pangodya chabe umagwetsa mphamvu ya panelo yonse, chifukwa timagalasi take tinalumikizidwa mondondozana. Ife tili kummwera kwa equator, choncho panelo iyang'ane kumpoto, itapendekeka pang'ono, madigiri ngati 15, kuti mvula izitsukanso yokha. Izi n'zaulere. Palibe anatiuza, ifenso sitinafunse.

Ena akuti, "Ingodikirani ESCOM, mapolo a MAREP afika." Dikirani inuyo. Mchemwali wanga akulemba MSCE chaka chino, sangawerenge ndi lonjezo. Ndipo amene ali ndi waya akukumbukira 2022, pomwe namondwe Ana anawononga Kapichira dziko n'kutaya pafupifupi 130MW, m'tauni momwe anthu n'kumagona mumdima. Tamvanso za sola ya 60MW ya ku Salima ndi ya 20MW ya ku Golomoti. Zabwino, koma magetsi amenewo amalowa mu waya yemwe pakhomo pa amayi sanadutse.

Aliponso makampani ogulitsa sola yolipira pang'onopang'ono pa foni. Ubwino wake zida zimabwera zogwirizana, batire yake nthawi zambiri ndi ya lithium yomwe imapirira kukamidwa. Koma taganizirani: mwezi wa mitambo yambiri ndi womwewonso wa njala, chimanga chatha m'nkhokwe, fodya sanagulitsidwe. Ukalephera kulipira, chimadzitseka chokha. Wopanga ndondomeko ya malipiro yofanana miyezi yonse sanakhalepo kumudzi mu Febuluwale.

Tili ndi MERA, tili ndi Malawi Bureau of Standards. Ndikufuna ndidzawaone tsiku la msika ku Madisi kapena ku Mponela, atanyamula mita, akuyeza ngati panelo yolembedwa 100W ikuperekadi zimenezo. Pakadali pano mita ndi inuyo. Wogulitsa akapanda kukufunsani kwanu, tulukani mu shopu. Mufunseni kuti mvumbi ukagwa masiku atatu, mababu ayaka maola angati, ndipo alembe pa lisiti. Ndalama ikachepa, siyani TV, gulani panelo yokulirapo ndi kontilola.

Ife tinadulira nthambi ziwiri za mango, amayi akudandaulabe mpaka lero. Panelo tinaikweza pa matabwa, tagula kontilola. Batire yeniyeni ikudikira malipiro a mwezi uno, ndipo mchemwali wanga akuwerengabe pa tochi.