Makina Akalanda Ntchito, Phindu Lipite kwa Yani?



1. M'chaka cha 2023, anthu ena a ku Kericho m'dziko la Kenya anatentha makina othyolera tiyi m'minda ya makampani akuluakulu. Chiwawa sitichivomereza, koma dandaulo lawo tiyenera kulimvetsa. Makina amodzi, oyendetsedwa ndi anthu owerengeka, amathyola masamba amene kale ankathyoledwa ndi khamu la anthu, ambiri mwa iwo amayi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: nafenso tili ndi mabanja zikwizikwi amene amadalira minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje.

2. Makina paokha si mdani wa munthu. Amapeputsa ntchito yothyola msana ndipo amachulukitsa zokolola. N'chifukwa chake akufalikira m'ntchito zosiyanasiyana. M'chaka cha 2025 kampani ya Amazon inalengeza kuti maloboti ake m'nyumba zosungiramo katundu akwana 1 miliyoni. Vuto lili pa kagawidwe ka phindu. Wolemera ndiye amatha kugula makina, pomwe mmphawi chuma chake ndi manja ake awiri. Manjawo akapanda kufunika, ndalama imene ikanalowa m'makomo ambiri monga malipiro imaunjikana m'matumba a anthu ochepa. Wogulitsa tomato ndi telala pamsika nawonso amataya ogula.

3. Nkhawayi si yatsopano. M'chaka cha 1891, Papa Leo XIII analemba kalata ya Rerum Novarum poteteza ogwira ntchito m'mafakitale. Mu Meyi 2025, Papa Leo XIV ananena kuti anatenga dzinali poganiziranso mavuto amene nzeru zopangidwa ndi makompyuta zikubweretsa pa ntchito ndi ulemu wa munthu.

4. Tikupempha boma ndi aphungu athu kuti asadikire utsi. Kampani ikafuna kubweretsa makina ochotsetsa anthu ntchito, iyambe yakambirana ndi mabungwe a ogwira ntchito. Wochotsedwa aliyense alandire ndalama zake zonse monga likunenera lamulo la za ntchito la chaka cha 2000. Phindu lobwera ndi makina likhomeredwe msonkho wokwanira, ndipo gawo lina lithandize bungwe la TEVETA kuphunzitsa achinyamata kuyendetsa ndi kukonza makinawo.

5. Inu okondedwa, kambiranani nkhaniyi m'miphakati yanu, ndipo mufunse phungu wa dera lanu zimene akuchitapo. Chitukuko chimene chimalemeretsa mwini munda n'kugoneka wothyola tiyi ndi njala sichiyenera kutchedwa chitukuko.