Citseko ca Mtima Cikayamba Kucepa

Munthu wacikulire akamacita befu pokwera citunda, timati ndi ukalamba cabe. Koma nthawi zina colakwa ndi citseko ca mtima cimene cimatulutsira mwazi mu mtsempha waukulu wochedwa aorta. Citsekoci cikauma ndi kucepa, mtima umavutika zaka zambiri mwini wake osadziwa kanthu.

Madotolo amaciona ndi makina a echo, amene amajambula mtima popanda kubaya kapena kung'amba. Amayesa kukula kwa khomo ndi liwiro la mwazi. Khomo la munthu wathanzi ndi masikweya sentimita 3 kapena 4. Likacepera pa 1, ndiye kuti matenda akula. Monga madzi amathamanga pamene ngalande yapanikizika, mwazinso umathamanga podutsa pa khomo lopapatiza.

Liwiroli limaneneratu za mtsogolo. Mu 1997, Dr Catherine Otto wa ku Seattle anafalitsa zimene anapeza pa odwala 123 amene anali asanayambe kumva zizindikiro. Mwa aja amene mwazi wao unapitirira mamita 4 pa sekondi, pafupifupi 8 mwa 10 anali atacitidwa opaleshoni kapena atamwalira pakutha zaka 2. Amene liwiro lao linali pansi pa mamita 3, ambiri anakhalabe bwino.

Mankhwala akumwa sangakulitse khomolo. Citseko cimafunika kusinthidwa nthawi isanathe. Cotero makolo anu akamva kuthina m'cifuwa, befu kapena kukomoka, musazengereze. Pitani nao ku cipatala, pemphani echo, ndipo funsani adotolo liwiro limene apeza. Pepalalo mulisunge bwino, kuti podzapimanso akaone ngati khomo likucepabe.